Mpando wakale usathere pamoto

M'nyumba zambiri za kwa Dzoole muli mpando kapena tebulo limene makolo anagula chaka china fodya atayenda bwino, koma lero linakankhidwira kukhonde chifukwa mwendo ukugwedera ndipo penti inakanganuka. Musanaliwaze nkhuni, palani pang'ono pansi pake ndi mpeni kuti muone thabwa. Mipando yambiri yakale inapangidwa ndi mlombwa kapena mbawa, mitengo imene imatenga zaka makumi angapo kuti ikhwime, ndipo m'mapiri athu yasowa. Yachilengedwe yotsala m'nkhalango zotetezedwa, monga ya Ntchisi, lamulo la nkhalango la 1997 sililola kuidula popanda chilolezo. Mipando yatsopano yambiri ndi ya paini, amene ndi wofewa ndipo chiswe sichichedwa naye.

Ntchito imayambira pa mfundo zake, penti imabwera pomaliza. Ambiri amathamangira kukhomerera misomali pamwendo wogwedera, ndipo thabwa louma limang'aluka. Mmisiri wodziwa amazula mwendowo, kupala guluu wakale, kupaka watsopano, n'kumanga ndi chingwe kapena mphira kwa tsiku lathunthu. Timabowo ta tizilombo amatitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Ngati m'timabowo mukutuluka fumbi longa ufa, ndiye kuti tizilomboto tikadali moyo, ndipo thabwalo liyambe lathiridwa mankhwala.

Pochotsa penti yakale m'pofunika kusamala kwambiri. Penti zina zamafuta zakale zili ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana aang'ono ngakhale utalowa m'thupi pang'ono pokha. Choncho musaiwauche ndi moto, musaipalire m'nyumba kapena pafupi ndi pamene mwayanika ufa. Gwirirani panja, nyowetsani malo opalawo kuti fumbi lisauluke, valani chotseka pamphuno, ndipo ana ndi amayi oyembekezera atalikire. Zopalidwazo musazitaye m'khola kapena kudimba.

Thabwa likauma, lisalazeni ndi sandipepa motsata mizere yake, kuyambira wokhakhala kumalizira wosalala. Pano ndinene maganizo anga: kupaka penti yabuluu pa mlombwa n'kuuchimwira. Mtengo wofiirira bwino chotere umangofuna vanishi wopyapyala, kawiri kapena katatu, ndipo aliyense aziyamba wauma musanabwereze. Penti isiyireni paini, mutayamba mwapaka ya pansi ija kuti yapamwamba igwire. Miyezi yopanda mvula ndiyo yabwino, koma umitsirani pamthunzi popanda fumbi, chifukwa mphepo ya Ogasiti ikhoza kuwononga ntchito ya masiku atatu.

Zomwezi zikukhudza makomiti a sukulu. Kuseri kwa makalasi ambiri kwaunjikidwa madesiki amene zitsulo zake n'zolimba ndithu, changothyoka ndi thabwa limodzi, pamene ana a Sitandade 1 akukhala pansi. Komiti iwawerenge, ipatule okonzeka, ndipo nkhaniyi ifike ku VDC ndi kwa khansala wa wodi mvula isanayambe kuwachititsa dzimbiri.