Galimoto ikamadwala lero n'kuchira mawa, woyamba kumukayikira ndi batire

Lamulungu masana, alendo akamalongedza katundu ku Senga Bay kuti abwerere ku Lilongwe, si zachilendo kuona galimoto imodzi itatsala pamalo oimikapo, boneti ili yasa, mwini wake akuyenda uku ndi uku foni ili kukhutu. Nthawi zambiri imakhala galimoto yooneka bwino, ya zitseko ziwiri, yogwa pansi, yomwe Lachisanu madzulo inatsika msewu wa M14 popanda chovuta chilichonse. Ena amachita mwayi: pakapita mphindi khumi galimoto ija imalira ngati palibe chachitika. Koma mwayi umenewu ndi umene umadyetsa anthu ndalama zambiri, chifukwa matenda obwera n'kupita ndi ovuta kuwagwira.

Zizindikiro zake zimasokoneza mutu. Nyali zochenjeza za ABS, airbag ndi chiwongolero zimayaka nthawi imodzi padashibodi kenaka n'kuzima zokha. Wailesi imaiwala masiteshoni. Galasi la pachitseko limakana kukwera. Giya ya otomatiki imakakamira pa nambala imodzi, koma injini ikazimitsidwa n'kulizidwanso zonse zimabwerera mwakale. Lolemba galimoto ikafika kugalaja imakhala yabwinobwino, moti makaniko amayamba kumuyang'ana mwini wake ngati wonama. Pofika apa ena amayamba kukumbukira achibale amene sanakondwe nazo pomwe galimotoyo inkagulidwa.

Kawirikawiri gwero lake silikhala kutali chotere. Limakhala m'bokosi lakuda lija lotchedwa batire, kapena pa mawaya awiri aakulu amene amachokamo.

Batire la galimoto ndi luso lakale kwambiri. Mfalansa wina, Gaston Planté, ndiye anapanga batire la mtovu ndi asidi m'chaka cha 1859, ndipo mfundo yake sinasinthe kwenikweni mpaka lero. Chimene chasintha ndi galimoto. Peugeot 504 kapena Datsun ya makolo athu inkafuna batire pouliza injini ndi poyatsa nyali basi. Batire likafooka, anyamata anayi ankaikankha ndipo ulendo unkapitirira. Galimoto ya masiku ano ili ndi timakompyuta tambiri, m'galimoto zapamwamba timakwana makumi angapo: kena koyendetsa injini, kena ka giya, kena ka mabuleki, kena ka zitseko. Tonseti timalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana a njira yotchedwa CAN, yomwe kampani ya Bosch ya ku Germany inaionetsa koyamba m'chaka cha 1986.

Pamene pagona nkhani ndi pa kamphindi kouliza injini. Sitata imakoka mphamvu yoposa maampi 100, ndipo pa injini zikuluzikulu imapitirira 200. Batire labwino limatsika pang'ono n'kupirira. Lofooka limatsika kwambiri, mwina kwa theka la sekondi lokha, koma nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti kakompyuta kena kazime n'kuyambiranso. Anzake akakafuna n'kusakapeza amalemba kuti pali cholakwika, n'kuyatsa nyali padashibodi. Injini imalira ndithu, ndiye mwini galimoto saganizako za batire. Iye amaona nyali ya ABS n'kuganiza za mabuleki. Makina ounikira matenda a galimoto akalumikizidwa, amatulutsa mndandanda wa zolakwika khumi kapena kuposerapo m'ziwalo zosagwirizana n'komwe. Makaniko wodziwa ntchito akaona mndandanda wotere amadziwa kuti ziwalo khumi sizingafe tsiku limodzi, ndipo amatembenukira kwa chimene chimadyetsa zonsezo. Wongofuna kugulitsa sipeya amayamba ndi sensa, kenaka fyuzi bokosi, mapeto ake n'kunena kuti kompyuta bokosi yapsa. Zipangizo zoterezi zambiri n'zoitanitsa ku Dubai, ku Japan kapena ku Johannesburg, ndipo pa nthawi ino ya kusowa kwa ndalama zakunja munthu atha kudikira milungu ingapo chipangizo chomwe sichinali chofunika.

Nanga n'chifukwa chiyani matendawa amakonda kuonekera kunyanja? Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene gombe la nyanja ya Malawi lili pansi pa mamita 500. Ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kukafika pa boma la Salima, ndi enanso pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, umamutsitsira munthu m'chigwa chotentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe kutentha kumapitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku. Mkati mwa boneti mumatentha kuposa pamenepo. Mabuku ambiri a galimoto analembedwera maiko ozizira, kotero amachenjeza za chisanu, koma chimene chimakalambitsa batire msanga ndi kutentha. Madzi a m'batire amauma mofulumira, ndipo timbale ta mtovu timadyeka. Opanga mabatire amayerekeza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25 n'kukhazikika pomwepo, moyo wa batire umadulidwa pakati. Masiku awiri a kunyanja sangaphe batire lamoyo, koma kwa galimoto zokhala ku Salima, Nkhotakota kapena Mangochi chaka chonse, batire silikhalitsa ngati la ku Dedza.

Mlendo wa kumapeto a sabata vuto lake ndi lina. Iye amabwera ndi batire lodwala kale, ndipo ku gombe amalipatsa ntchito yomwe silinazolowere: zitseko zili chitsegukire, nyimbo zikulira maola atatu injini itazima, mafoni anayi ali pa tchaja, mwinanso kafiriji ka zakumwa. Msewu nawo umathandizira. Galimoto zaliwiro zili ndi masipuling'i olimba ndi matayala opyapyala, kotero dzenje lililonse ndi hampu iliyonse zimagwedeza thupi lonse. Temino yomwe inali yosamangitsa imayamba kusewera, ndipo waya wa ethi womwe unachita dzimbiri umagwira apa n'kusiya apo. Chinyezi cha kunyanja chikakumana ndi ufa woyera kapena wobiriwira uja umene umamera pa matemino, magetsi amadutsa movutikira.

Pali chifukwa chinanso chimene galimoto zaliwiro zimavutikira kuposa zinzake, ndipo n'chakuti siziyenda. Minibasi ya pakati pa Salima ndi Lilongwe imatchaja batire lake tsiku lonse. Toyota 86, Subaru BRZ, BMW Z4 kapena Mazda MX-5 nthawi zambiri ndi galimoto yachiwiri pakhomo, yotuluka Loweruka lokha, ndipo m'nyengo zosowa mafuta imatha kukhala mwezi wathunthu osalira. Batire la mtovu likakhala nthawi yaitali losadzaza, pa timbale take pamauma zinthu zolimba zotchedwa sulphate zomwe sizisungunukanso, ndipo mphamvu yomwe batire lingasunge imachepa kotheratu. Matendawa amayambira kutali. Galimoto zambiri za m'dziko muno n'zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan kapena ku United Kingdom. Zimaima pamalo a okushoni, n'kukhala milungu ingapo m'sitima, n'kudikiranso padoko la Dar es Salaam zisanalowe pa chipata cha Songwe. Batire lomwe linabwera ndi galimoto limakhala litafookapo kangapo mwini wake watsopano asanagwire n'komwe makiyi.

Galimoto ikafika kuno imawonjezeredwa katundu. Mawailesi ambiri ochokera ku Japan amagwira kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, kotero sapeza masiteshoni ambiri a m'dziko muno, ndipo chinthu choyamba chimene ogula amachita ndi kusintha wailesi. Kenaka pamabwera alamu, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, ndi ampulifaya ya zokuzira mawu m'buti. Zambiri mwa izi zimalumikizidwa ndi mawaya ongopota ndi manja n'kukulunga ndi tepi. Galimoto yabwino ikazimitsidwa n'kukiyidwa, timakompyuta take timagona pakapita mphindi zingapo, ndipo mphamvu yomwe imadyedwa siyenera kupitirira pafupifupi maampi 0.05. Chipangizo cholumikizidwa molakwika chitha kumadya maampi 0.3 usana ndi usiku. Masamu ake ndi osavuta: pa tsiku ndi 7.2 Ah, ndiye kuti batire la 45 Ah limakhala latha theka m'masiku atatu okha. Galimoto yoima kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu siingapulumuke.

Kuyeza zonsezi sikufuna makina odula. Kachipangizo kotchedwa multimeter, kopezeka m'masitolo a zamagetsi, kamanena zambiri. Galimoto itagona usiku wonse, batire lodzaza limaonetsa mavoliti pafupifupi 12.6. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili pa theka, ndipo pansi pa 12.0 ndi lotheratu. Apa m'pomwe ambiri amanyengeka, chifukwa dzina lake ndi batire la mavoliti 12, ndiye akaona 12.0 amaganiza kuti zili bwino. Muyeso wofunika kwambiri ndi wa nthawi youliza injini: nambala isatsike kupitirira 9.6. Injini ikalira, alternator iyenera kukweza nambalayo kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5, ngakhale kuti galimoto zina zatsopano zimasinthasintha dala katchajidwe pofuna kusunga mafuta. Batire litha kuonetsa 12.6 koma n'kugwa likangopatsidwa ntchito, n'chifukwa chake ogulitsa mabatire odalirika amakhala ndi makina oliyesa lili pa katundu.

Waya wa ethi umayezedwa chimodzimodzi. Chingwe chimodzi cha multimeter chikhale pa temino ya negetivi, china pa chitsulo cha injini, wina n'kuliza galimoto. Nambala ikafika theka la voliti kapena kupitirira, waya umenewo kapena polumikizira pake pali dzimbiri. Mankhwala ake ndi sipanala, sandipepa ndi girisi pang'ono. M'galimoto zambiri za BMW ndi mitundu ina ya MX-5 batire limakhala m'buti, ndipo madzi a mvula akalowa pa labala wotha amadikha pansi pake popanda wodziwa.

Pali chizolowezi china chimene chiyenera kutha m'magalaja a m'mbali mwa msewu. Pofuna kudziwa ngati alternator ikutchaja, ena amachotsa temino ya batire injini ikulira, amati ikapanda kuzima ndiye kuti zili bwino. Pa galimoto zakale zinkatheka. Pa galimoto ya makompyuta, batire limagwiranso ntchito yofewetsa magetsi ochokera ku alternator, ndipo likachotsedwa mphamvu imatha kulumpha mwadzidzidzi n'kuotcha kompyuta bokosi yomwe inalibe vuto lililonse.

Kugula batire latsopano nakonso kuli ndi misampha yake. Pa mabatire a galimoto za ku Japan pamalembedwa nambala monga 55B24L: 55 ndi mlingo wa mphamvu, B ndi kukula kwa bokosi, 24 ndi kutalika kwake m'masentimita, ndipo L akunena mbali yomwe kuli temino ya negetivi. Wogula R m'malo mwa L amapeza kuti mawaya sakufika, ndiye amawakoka mokakamiza, n'kubzala vuto latsopano. Galimoto zomwe zimazima zokha pa maloboti n'kulira zokha zimafuna mabatire a mtundu wa EFB kapena AGM, olembedwa nambala ngati Q-85 kapena N-55. Batire wamba limalowa ndithu pamalopo koma silikhalitsa. BMW zambiri zopangidwa chapakati pa zaka za m'ma 2000 kubwera kuno zimafuna kuti kompyuta yake iuzidwe ndi makina kuti batire lasinthidwa, apo ayi imapitiriza kutchaja latsopanolo ngati lakale lija. Eni Mazda RX-8 ali ndi chifukwa chawochawo chosamalira batire: injini yake ya rotary ikazunguliridwa mofooka imamwa petulo wambiri n'kukana kulira ngakhale batire labwino litaikidwa pambuyo pake. Ngakhale Toyota Aqua ndi Prius, zomwe zachuluka m'matauni, zili ndi kabatire ka mavoliti 12 kapadera. Kakafooka, galimoto siidzuka ngakhale batire lalikulu la hybrid lili lodzaza.

Sikuti vuto lililonse lobwera n'kupita ndi la batire. Sensa ya crankshaft imatha kusiya ntchito injini ikatentha n'kuyambiranso ikazizira. Relay ya pampu ya mafuta imachita chimodzimodzi. Makoswe amadya mawaya a galimoto yoima nthawi yaitali, ndipo otsuka galimoto amene amapopera madzi amphamvu mu injini amanyowetsa mapulagi a mawaya. Kusiyana kwake n'kwakuti kuyeza batire, matemino ndi ethi kumatenga mphindi zosakwana 30, pamene kufufuza zinazi popanda kutsimikiza kaye kuti magetsi akufika okwanira n'kungotaya nthawi, popeza makina ounikira aja nawonso amanama batire likakhala lofooka.

Kwa amene zamugwera kale ku gombe, kujampa galimoto n'kotheka koma dongosolo lake lisaphonyedwe. Chingwe chofiira chimayamba pa pozitivi ya batire lakufa n'kupita pa pozitivi ya lamoyo. Chakuda chimachoka pa negetivi ya lamoyo n'kukagwira pa chitsulo cha injini ya galimoto yodwalayo, kutali ndi batire, chifukwa batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka ndi kamoto kakang'ono. Kusemphanitsa zingwe kwa sekondi imodzi kumaotcha mafyuzi aakulu, alternator, mwinanso kompyuta. Galimoto ya otomatiki siilira poikankha, kaya anyamata a pagombe achuluke bwanji. Ndipo makilomita 120 obwerera ku Lilongwe sadzaza batire lomwe linatheratu. Limafunika kuikidwa pa tchaja maola ambiri, kenaka n'kuyezedwa lili pa katundu lisanadaliridwenso pa ulendo wina.