Dzina Limodzi la Kachirombo Koumitsa Khosi

Ambiri a ife tidaonapo mwana atagwidwa ndi nthenda youmitsa khosi: thupi moto, mutu kupweteka, khosi gwa! Ena amatsirizika dzuwa lisanalowe kawiri. Kamodzi ka tizirombo toyambitsa nthendayi kadapezedwa ndi dotolo Anton Weichselbaum ku Vienna m'chaka cha 1887. Kachiromboka kali ndi mafuko ache, monga A, B, C, W, X ndi Y, ndipo katemera wa fuko limodzi satchinjiriza munthu ku fuko lina ai. Tsono pogwa mliri, madotolo ayenera kudziwa msanga kuti ndi fuko liti, ndi banja liti m'fukomo.

Kale pamenepa padali pobvuta ndithu. Akatswiri ankazindikira mabanjawo poyang'ana timizere totuluka popima, koma timizere ta nyumba imodzi yopimiramo sitinkalingana bwino ndi ta nyumba inzache. Zidali ngati pa msika, pamene wogulitsa ali yense ayesa ufa ndi mbale yacheyache.

M'chaka cha 1998 Martin Maiden ndi anzache a ku Oxford adaonetsa njira yotchedwa MLST. Mwa njirayi amawerenga malembo a chibadwa cha kachirombo, ndiwo DNA, pa malo 7 osankhika, napatsa nambala kwa mtundu uli wonse umene aupeza. Malembowo ndi 4 okha, A, C, G ndi T, ndipo sasintha kunka nawo kutali. Nambalazo zimasungidwa m'kaundula mmodzi wa pa intaneti, dzina lache PubMLST, kotero kuti wopima wa ku Paris ndi wa ku Niamey atchula kachirombo komweko dzina limodzimodzi.

Phindu lache lidaoneka mu 2000, pamene ena obwera ku ulendo wa Hajj ku Mecca adadwala atafika kwao, ku France, ku England ndi kwina. Opima a m'maikowo adapeza fuko W, banja ST-11, ponse pawiri ndi patatu chimodzimodzi. Mu 2002 fuko lomwelo lidautsa mliri ku Burkina Faso, kumene katemera wozolowereka adali wa A ndi C, wosathandiza pa W.

Komabe manja a munthu amaphonya. Nchifukwa chache ku Ulaya nyumba zopimiramo zimalandira nthawi ndi nthawi tizirombo tofanana, dzina lobisidwa, kuti iri yonse ipime payokha. Pambuyo pache amalinganiza mayankho, ndipo nyumba imene yasiyana ndi zinzache imabwerera kukafufuza pamene idaphonya.