Kaundula Akonzedwe Asanasamutsidwe

Ambiri ogula pulogalamu yoyendetsera bizinesi monga QuickBooks, Sage kapena Odoo amaganiza kuti kusamutsa zimene zili mu Excel ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kusamutsako n'kwachangudi, koma ntchito yeniyeni ili pokonza kaundulayo asanalowe, chifukwa pulogalamu simadziwa zimene mwini bizinesi ankatanthauza. Fayilo ya CSV ikatsegulidwa mu Excel, nambala ya foni yoyamba ndi 0 imataya ziro wakeyo. Deti lolembedwa 03/04/2024 kwa ife ndi 3 Epulo, koma pulogalamu yotsata kalembedwe ka ku America imaliwerenga kuti 4 Malichi, ndipo kasitomala wokhulupirika amaoneka ngati wachedwa kubweza ngongole.

Ena amati zolakwazo adzazikonzera mkati mwa pulogalamuyo. Koma kasitomala mmodzi akalowa kawiri ndi mayina osiyana pang'ono, malisiti ake amagawikana, ndipo kuwalumikiza n'kovuta kuposa kufufuta mzere umodzi mu Excel. Ena amati vutoli ndi la osaphunzira okha. Ayi ndithu: mu 2020, bungwe la Public Health England linaphonya zotsatira za anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi Covid-19 chifukwa mafayilo akale a Excel a mtundu wa XLS sapitirira mizere 65,536.