Kusambira pa Gombe la Chembe

Mwa magombe onse amene Mlengi anakongoletsa nawo nyanja ya Malawi, ndi ochepa amene amalandira wosambira mwaulemu monga la Chembe, m'boma la Mangochi, limene David Livingstone analitcha Cape Maclear polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear. Pakuti mapiri a Nankumba aima kumbuyo kwa mudzi, zilumba za Thumbi ndi Domwe zakhala patsogolo pake, kotero kuti mwera, umene umautsa mafunde aukali kuyambira Meyi kufikira Ogasiti ndi kubweza asodzi kumtunda, umafika pamchengapo utatha mphamvu. Madzi ake ngoyera, ndipo amene afika kumiyala ya Thumbi amaona nsomba za mbuna zamawangamawanga, zimene zinachititsa kuti malowa atetezedwe ndi boma mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984.

Koma bata limeneli lisanyenge munthu, chifukwa ndi mphatso ya mapiri ndi zilumba, osati khalidwe la nyanja, imene kumpoto kwake kuya kwake kumapitirira mamita 700. Iye amene anaphunzirira kusambira m'dziwe la simenti mumzinda adziwe kuti kuno kulibe khoma loti agwire akatopa, ndi kuti chilumba chimene chioneka chapafupi munthu ali pamchenga chimatalikira pamene mikono yayamba kulema. Wanzeru amasambira molambalala gombe, nadzutsa mutu kawirikawiri kuti aone mtengo kapena mwala umene wausankha kukhala chizindikiro chake. Ndipo akafuna kuwolokera ku Thumbi sapita wopanda bwato pambali pake, popeza woyendetsa boti la injini saona msanga mutu wa munthu pamadzi. Ngakhale Martin Hobbs wa ku South Africa, amene mu 2019 anasambira utali wonse wa nyanjayi masiku 54, anali ndi boti lomperekeza. Za mphepo, ng'ona ndi mvuu, mlendo afunse asodzi; safunsa anadya phula.

Mdani woopsa pagombe labata, komabe, saoneka ndi maso. Likodzo limachokera ku tizilombo tokulira mu nkhono za m'madzi osaya, timene timaboola khungu munthu osamva kanthu, kufikira patapita masabata aona magazi mumkodzo. Ndipo ofufuza anapeza kuti ku Chembe nthendayi inakula pamene makoka anachepetsa nsomba zodya nkhonozo. Chondiwawa mtima nchakuti mlendo amamwa mankhwala a praziquantel nachira, pamene mwana wa pamudzipo, amene amasamba ndi kutsuka mbale m'madzi omwewo tsiku ndi tsiku, amaitenganso.

Chotero inu makolo a m'mbali mwa nyanja, phunzitsani ana anu kusambira pamadzi osaya inu muli pomwepo, aletseni kukodzera m'nyanja, ndipo azaumoyo akabwera kusukulu ndi mankhwala a likodzo, aloleni amwe.