Kodi moto wa m'balani umathera kuti?

Mwezi wa February ukafika, utsi umayamba kufuka m'mabalani a fodya wa fuluu kumwera kwa boma la Mzimba, ndipo ngolo za nkhuni zimachuluka m'misewu. Chaka ndi chaka alimi adera la Jenda, Embangweni ndi Champhira amadandaula kuti nkhuni zikudula ndiponso zikuchokera kutali. Koma ndi alimi angati amene amadziwa ntchito yeniyeni imene nkhunizo zimagwira m'balani?

Akatswiri a sayansi amati mphamvu siitayika ndipo siilengedwa, imangosintha maonekedwe. Mmodzi mwa anthu amene anatsimikiza zimenezi ndi James Joule wa ku England, yemwe m'zaka za m'ma 1840 anaonetsa kuti madzi amafunda pang'ono akamavundulidwa. Ifenso timaziona ku chigayo, pamene ufa umatuluka wotentha chonsecho palibe amene wausonkhezera moto. Ntchito ya injini ndiyo yasanduka kutentha.

M'nkhuni muli mphamvu imene mtengo unasunga kuchokera ku dzuwa. Tikayatsa ng'anjo, mphamvuyo imatuluka ngati kutentha ndipo imagawika. Ina imalowa m'masamba a fodya, ina imafunditsa njerwa ndi mapaipi, ina imathawa ndi utsi pa chumuni, ina imatulukira m'ming'alu ndi padenga. Mlimi amalipira nkhuni zonse, koma phindu lake lili pa gawo lolowa m'masamba lokha.

Ntchito yaikulu ya motowo ndi kuchotsa madzi. Pa makilogalamu 100 a fodya wongothyola kumene, oposa 80 ndi madzi. Kusandutsa lita imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya moto woposa kasanu umene ungafunike kuti madzi ozizira omwewo afike powira. Ichi ndi chifukwa chake balani limodzi limasonkhezedwa usana ndi usiku kwa masiku 6 kapena 7.

Apa ndi pamene nkhuni zaziwisi zimamubera mlimi. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wongodula kumene ndi madzi. Moto umayamba waumitsa nkhunizo usanafike ku fodya, ndiye kuti mlimi akuchiza zinthu ziwiri pa mtengo wa chimodzi. Dulani nkhuni m'chilimwe, muziwaze ndi kuzisanja pansi pa denga kuti mvula isazipeze.

Kuchuluka kwa moto pakokha sikuchiza fodya. Masiku oyamba, pamene tsamba likusanduka lachikasu, kutentha kusapitirire madigiri 40. Kenaka kwezani pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 55 kuti tsamba liume, ndipo pomaliza mufike cha m'ma 70 kuti msempha wapakati uume. Mukathamangitsa moto tsamba lidakali ndi madzi ambiri, limapsa ndi kuda, ndipo ku okushoni ku Mzuzu geredi yake imatsika. Choyezera kutentha ndi chotsika mtengo poyerekeza ndi belo limodzi lobwezedwa.

Samalaninso mazenera. Mpweya wotentha umakwera wokha, kunyamula chinyontho ndi kutuluka nacho pamwamba, uku ukukoka wina watsopano kuchokera pansi. Mukatseka zonse, chinyonthocho chimatsakamira ndipo fodya amaola. Mukatsekula mopyola muyeso, mukuotchera kunja, makamaka usiku poti dera lathu ndi lokwera ndipo kumazizira.

Nyengo isanayambe, matani ming'alu yonse, konzani chitseko kuti chizitsekeka bwino, sinthani mapaipi obooka ndi kuchotsa mwaye, chifukwa mwaye umatchinga kutentha kuti kusalowe m'balani. Ng'anjo nayo ikhale ndi chotsekera. Balani la mtundu wa roketi, lomwe linayamba kuyesedwa m'dziko muno m'zaka za m'ma 2000, limasunga nkhuni zambiri chifukwa ng'anjo ndi njira zake za utsi zinakonzedwa kuti moto uzikhalitsa m'kati. Funsani alangizi a ARET za kamangidwe kake.

Mitengo yachilengedwe monga ya m'nkhalango ya Perekezi imatenga zaka zambiri kuti ikule, ndipo kudula m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Mlimi aliyense wa fodya akhale ndi munda wake wa mitengo, ndipo dzinja lino abzale yoposa imene wadula.