Maina a Mapiri ndi Migodi ku Balaka

Dzina la malo silibwera lokha. Makolo potchula phiri, mtsinje kapena mudzi ankayang'ana maonekedwe a malowo, zinthu zopezeka pamenepo, kapena munthu wotchuka amene adakhalapo. Motero maina ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka ali ngati nkhokwe zosungiramo mbiri.

Boma la Machinga kale linkatchedwa Kasupe, ndiye kuti malo otumphuka madzi. Dzina la Machinga ndi la Ayao otchedwa Amachinga, amene adafika m'dziko muno kuchokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1800. Iwo adatenga dzinalo ku mapiri a kwawo, amene nsonga zake zidandandalika ngati tchinga. Mafumu awo, monga Liwonde, Kawinga ndi Nsamala, adasiyanso maina awo pa malo amene adakhazikikapo. M'chaka cha 1998 Balaka idapatulidwa ku Machinga nikhala boma palokha, ndipo dera la Mfumu Nsamala lidakhala mbali ya Balaka.

Dziko la Balaka ndi lathyathyathya ndiponso lotentha, koma lili ndi mapiri oima paokhapaokha. Aŵiri mwa iwo, Chenkumbi ndi Kangankunde, amadziŵika chifukwa cha miyala yake.

Ku Chenkumbi kuli miyala ya laimu. Anthu amaswa miyalayi ndi nyundo, naiunjika mu uvuni, naitentha masiku angapo. Ikapsa amaithira madzi, ndipo imafumbutuka nisanduka ufa woyera. Laimu amapakira nyumba, amamangira, amakonzeranso nthaka ya m'munda. Koma uvuni wa nkhuni umadya mitengo yambiri.

Mwala wa pa Kangankunde udachokera pansi penipeni pa dziko uli wamadzimadzi chifukwa cha kutentha, ndipo udauma zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. M'mwalamo muli mtundu wina wa mwala wotchedwa monazite. Mu monazite amachotsamo zitsulo zosoŵa zopangira maginito amphamvu a m'mafoni ndi a m'galimoto zoyendera magetsi. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia yotchedwa Lindian Resources idagwirizana zogula mwayi wokumba paphiripo pa mtengo wa madola 30 miliyoni a ku America.

Mgodi umabweretsa ntchito ndi ndalama, komanso umasintha malo. Pamene padali chulu pamatsala dzenje, ndipo njira zakale zimafafanizika. Dzina la phiri lalikulu silitayika msanga chifukwa lidalembedwa pa mapu. Koma maina a akasupe, a nkhalango, a manda ndi a midzi yakale ali m'mitu mwa okalamba okha. Malowo akakumbidwa, okalambawo namwalira, mainawo amapita nawo limodzi, ndipo adzukulu sangathe kuloza pamene makolo awo ankalima kapena pamene adagona.

N'chifukwa chake ana a sukulu ayenera kufunsa akuluakulu maina a malo a kwawo ndi matanthauzo ake, n'kuwalemba bwino m'makope. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Mafunso
1. Kodi boma la Machinga linkatchedwa chiyani kale?
2. Fotokozani m'mene anthu amapangira laimu.
3. Chifukwa chiyani maina a akasupe ndi a nkhalango amatayika msanga?
4. Lembani maina atatu a malo a kwanu ndi matanthauzo ake.