KUSANKHA NDI KUSAMALA MPHERO

Ngakhale zigayo zachuluka m'boma la Mangochi, mphero sinathe ntchito. M'midzi ya ku Malindi, Makanjira, Nankumba ndi Monkey Bay amayi amaperabe pamwala maŵere, mapira, mpunga ndi usipa wouma wothira m'phala la mwana. Popeza chakudya chochokera pamphero chimapita m'mimba mwa ana aang'ono, mwala umenewu uyenera kusankhidwa bwino ndi kusamalidwa monga mbale yodyera.

Kusankha mwala

Si mwala uliwonse umene ungakhale mphero. Mwala wabwino ndi wolimba, wolemera ndiponso wopanda ming'alu. Mayi wanzeru amauyesa m'njira ziŵiri. Poyamba amaukhula ndi mwala unzake. Ukamayoyoka mchenga, amausiya. Mchenga wotero umaloŵa mu ufa, ndipo pakapita zaka umaperepesa mano. Kachiŵiri amathirapo madzi pang'ono. Mwala umene umamwa madzi msanga uli ndi timabowo tambiri, ndipo m'timabowo timeneti mumatsalira zakudya zimene zimaola ndi kusunga tizilombo toyambitsa matenda.

Mwanamphero akhale wolimba ngati nsangalabwi, wokwana bwino m'manja. Pamphero yatsopano ayambe aperapo gaga kaŵiri kapena katatu ndi kumutaya, kuti fumbi la mwala lichoke. Achitenso chimodzimodzi akaigogoda mphero yoterera kuti ikhakhale.

Chifukwa chake ukhondo uli wofunika

Matenda a kolera anafika m'Malaŵi m'chaka cha 1973. Mliri waukulu koposa unabuka mu 2022 ndi kupitirira mpaka 2023. Unapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsekula m'mimba timachokera m'chimbudzi cha munthu, ndipo timafika pachakudya kudzera m'madzi oipa, m'manja osasamba ndi pamiyendo ya ntchentche. Mphero yotsukidwa ndi madzi a m'mphepete mwa nyanja, pamene anthu amasamba ndi kuchapa, ikhoza kuoneka yoyera koma ili ndi matenda. Komanso mayi woima m'madzi a m'mabango potsuka ziŵiya angatenge likodzo, pakuti nkhono zofalitsa matendaŵa zimakhala m'malo otero.

Malamulo osamalira mphero

1. Wopera asambe m'manja ndi sopo asanayambe ntchito.
2. Mphero ndi mwanamphero zitsukidwe ndi madzi a pamjigo, oŵiritsa kapena othira klorini, asanapere ndiponso atatha kupera.
3. Ziume bwino padzuŵa, pakuti chinyezi chimabala chuku.
4. Zivundikiridwe ndi lichero kapena nsalu yoyera, ndi kusungidwa pamene nkhuku, mbuzi, makoswe ndi mphemvu sizifika.
5. Nsomba yaiŵisi, kaya chambo kaya utaka, isatumbulidwe pamphero.
6. Fodya wofwenkha akhale ndi mwala wake, ndipo mankhwala a makoswe kapena a mbewu asayandikire mphero.
7. Mphero ikang'aluka ilekedwe, chifukwa mng'alu sutsukika.

Zoperedwa nazonso zisankhidwe

Mwala woyera sungakonze mbewu yoipa. Chimanga ndi mtedza zimene zachita chuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiŵindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika. Mbewu zofumbwa, zonyala kapena zosintha mtundu zitayidwe zisanafike pamphero, ndipo phala la mwana liŵire mokwanira.

Mwana akayamba kutsekula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS, apitirize kuyamwa, ndipo atengeredwe msanga kuchipatala chapafupi. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amaphunzitsa kathiridwe ka klorini m'madzi. Mphero yosamalidwa bwino imakhala zaka zambiri, mayi n'kudzasiyira mwana wake wamkazi, ndipo banja limene limadyerapo limakhala lathanzi. Kupeŵa kumaposa kuchiza.